Matayala aakulu anadanitsa malume ndi mphwake

Akulu-akulu anati chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu anauona ndi maso bambo ena a kufupi ndi Ulónguè, m'boma la Angónia, amene amadya za galimoto yawo ya pikapu. Dzina lawo silitchulidwa pano, chifukwa mlandu wa pachibale ukatha sautokosanso. Koma zimene zinawaonekera nzofunika kuti aliyense amene ali ndi galimoto azimve, ngakhalenso amene amangokwera kumbuyo atakhalira thumba la chimanga.

Bambowa anali kamnyamata pamene nkhondo inabalalitsa anthu a m'malire muno. Anathawira ku Ntcheu pamodzi ndi amayi awo ndi mlongo wawo, ndipo kumeneko anaphunzira ntchito yowerengera anthu a geni matumba pa msika wa Lizulu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kumudzi opanda kanthu, kupatula khasu ndi luso lowerengera lija. Analima kachewere nagula njinga. Njinga inabala ngolo, ndipo patapita zaka zambiri ngoloyo inabala Toyota Hilux ya dizilo, yogwirapo kale ntchito koma ya injini yabwino.

Chimene anthu amawadziwa nacho ndi kope. M'galimotomo mumakhala kope la ana a sukulu ndi cholembera chomangirira ku kachingwe. Ulendo uli wonse amalemba matumba amene anyamula, malita a dizilo amene athira, ndi manambala a makilomita amene wotchi ya galimoto ikuonetsa ponyamuka ndi pobwera. Amakonda kunena kuti munthu amaiwala, amanamanso, koma kope silinama. Ndipo kunena zoona, kope limeneli ndi limene linawasungira chuma pamene anzawo ambiri anagula magalimoto n'kuwagulitsanso chaka chisanathe.

Msana utayamba kuwavuta, maulendo a ku Tete anawasiya m'manja mwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo uja. Mnyamatayu anamulera okha, anamulipirira sukulu, anamulipiriranso kalata yoyendetsera galimoto. Iye amanyamuka usiku ndi kachewere, kutsika ku Mussacama, kudutsa Moatize, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel mpaka ku msika wa Kwachena. Pobwera amatenga mchere, simenti, kapenta kapena katundu wa ma golosale. Kope limanena chimodzi-modzi nthawi zonse: kupita ndi kubwera makilomita 460, dizilo malita 46, mwina kusiyana ndi lita imodzi kapena awiri. Ndiye kuti malita 10 pa makilomita 100 ali onse.

Vuto linabwera ndi mvula. Aliyense amene anapitako kokatenga mbeu ku minda ya cha ku Dómuè kapena ku Tsangano m'mwezi wa Febuluwale akudziwa m'mene misewu imakhalira. Malole amakumba ngalande ziwiri, pakati n'kusiya mzere ngati wa mbatata, ndipo galimoto yaing'ono imakhalira mimba pa mzerewo matayala akungozungulira. Chaka chimenecho pikapu ija inagona m'matope usiku wonse, katundu ali pamsana, mpaka anachita kubwereka ng'ombe zinai kuti ziikoke. Bambowa anachita manyazi ndipo analumbira kuti zimenezi sizidzachitikanso.

Mwayi unapezeka pamene munthu wina amagulitsa matayala anai aakulu, a mano ngati a thirakitala, pamodzi ndi malimu ake. Matayala amene galimoto inabwera nawo anali olembedwa 205R16. Atsopanowa anali olembedwa 265/75R16. Poona nambala 16 kumapeto kwa onse awiri, bambowa anati ndi amodzi-modzi, kungoti enawa ndi onenepa. Anagulitsa nkhumba ziwiri, naonjezera ndalama za m'thumba, nagula. Pokhota, matayala akutsogolo amakhula madigadi, koma mnyamata wina wowotcherera anadulako pang'ono, nkhani inatha.

Tsiku limene galimoto inalowa m'mudzi itavala nsapato zatsopano, ana anaithamangira mpaka kunyumba. Anthu anati tsopano yakhala ngati ya a boma. Ndipo m'matope inachitadi zamphamvu: malo amene inagona paja inadutsa osaima. Bambowa anagona tulo tabwino sabata imeneyo.

Atabwera ku Tete ulendo woyamba, mphwawo uja anadandaula. Anati galimoto yalemera. Pokwera mitunda yochokera ku Mussacama, pamene kale amakwera ndi giya yachitatu, tsopano ikufuna yachiwiri, ndipo ponyamuka ndi katundu ikuchita ngati yamangidwa ku mtengo. Amalume ake anangoseka, amvekere achinyamata a masiku ano sayamika. Kenaka anatsegula kope. Wotchi inaonetsa makilomita 420. Dizilo anali malita 51.

Anaganiza kuti mwina mnyamatayo walakwitsa polemba. Ulendo wachiwiri anawerenga okha manambala ponyamuka ndi pobwera, nadzadzitsa okha thanki. Anapeza 420, malita 51. Ulendo wachitatu 421, malita 52. Usiku umenewo anakhala pa nyali ndi kope lawo mpaka tambala woyamba. Makilomita 40 asowa. Nanga ndi malo ati amene ali pa mtunda wa makilomita 20 usanafike ku Tete? Ndi Moatize. Kupita 20, kubwera 20, pamodzi 40. Masamu anagwirizana bwino lomwe, ndipo mtima wawo unagunda. Mwanayu sakufika ku Kwachena. Akugulitsa kachewere ku Moatize, kaya kwa yani, kaya pa mtengo wanji. Tsono ngati akuyenda makilomita 420 okha, dizilo ayenera kukhala malita 42. Malita 9 enawo akupita kuti? Aliyense amawaona anyamata ogulitsa mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Yankho linabwera lokha.

Ngati kuti zimenezi sizinakwane, sabata yotsatira mnyamatayo anabwera ndi pepala la chindapusa. Apolisi a pamsewu anamuimika pa malo ena a malonda ndi makina awo oyezera liwiro. Lamulo la pamsewu la chaka cha 2011 linaika makilomita 60 pa ola ngati malire a liwiro m'malo okhala anthu, ndipo pepalalo limati iye anapitirira. Mnyamatayo analumbira kuti singano inali pa 60 peni-peni, ndipo amaiyang'ana chifukwa amadziwa kuti apolisi amakonda kuima pamenepo.

"Ndiye kuti apolisi akunama, wotchi ikunama, kope likunama, woona ndiwe wekha?" anafunsa amalumewo.

"Amalume, ine ku Tete ndimafika. Kafunseni amayi amene amatigula ku Kwachena."

"Amene wapangana nawo kale? Bweretsa makiyi. Ine ndinakulera kuti udzandithandize, osati udzandidyere kumbuyo ngati chiswe."

Mnyamatayo anaika makiyi pa mphasa, nalowa m'gowelo, natenga kachikwama kake. Madzulo omwewo anali kwa amayi ake. M'mawa mwake mlongo wawo anabwera, chitenje atamangira m'chiuno, ndipo sanafune ngakhale kukhala pansi. "Achimwene, mwana wanga mwamutcha wakuba. Munamugwira?" Iwo anatulutsa kope. Mayiwo analikankha, nati iwo sadziwa za manambala, amadziwa mwana amene anabala. Kuyambira tsiku limenelo mabanja awiriwa anasiya kupalana moto. Pa maliro ena a m'mudzi momwemo, anthu anaona kuti mlongo ndi mlongo akhala motalikirana osapatsana moni, ndipo nkhani inawanda ku chigayo ndi ku mjigo kuti mwana uja anagwidwa akuba dizilo.

Popeza kachewere sadikira kuti anthu agwirizane, bambowa anamanga msana ndi nsalu nakwera okha. Anaona zimene mnyamata uja amanena: galimoto inali yaulesi ponyamuka. Potsika ku Mussacama anaona kuti mabuleki akufuna phazi lolemera kuposa kale. Ndipo pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, singano ili pa 60, kamtsikana konyamula nkhuni kanadumpha msewu kuthawa galu. Anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse. Galimoto inakhululuka, inakhululukabe, n'kukaima nkhuni zitagwera pa bampala. Mwanayo sanakhudzidwe, koma malo amene anatsala pakati pa iye ndi chitsulo sakanakwana ngakhale mkono. Bambowa anakhala kanthawi manja akunjenjemera. Zaka zonsezi akuyendetsa, amadziwa pamene galimoto yawo imaimira ikakhala pa 60. Tsiku limeneli inapitirira.

Anadutsa Moatize, anaoloka mlatho, anafika ku Kwachena. Mayi wogula kachewere uja anawalandira, nafunsa kuti mwana wanu waulemu uja wadwala kodi, popeza sabata ili yonse amafika kuno m'bandakucha. Bambowa sanayankhe bwino. Pobwerera sanalankhule ndi munthu. Atafika pakhomo usiku anayatsa tochi nayang'ana manambala. Makilomita 420. M'mawa anadzadza thanki: malita 51. Anakhala m'galimotomo nthawi yaitali chitseko chili chotseka, mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzagogoda pa galasi kuti phala likuzizira.

Anaganiza kuti wotchi yafa, ndipo anapita nayo kwa makaniko wina wachikulire wa ku Ulónguè, wa m'gulu la aja anaphunzira ntchito pa malole akale. Atamva nkhani yonse, mkuluyo sanatsegule ngakhale boneti. Anazungulira galimoto kamodzi, nafunsa kuti matayalawa analowa liti. Kenaka anatuma mwana kukatenga chingwe ndi tepi yoyezera, nauza bambowa kuti atsitse tayala la sipeya, limene linali lija la 205R16, losagwirapo ntchito.

Anazunguliza chingwe pa tayala la sipeya, nayeza: masentimita 231. Anakweza galimoto ndi jeke, nazunguliza chingwe pa tayala lalikulu: masentimita 253.

"Wotchi yanu ilibe mlandu, bambo," anatero mkuluyo. "Wotchi ilibe maso. Siona msewu. Imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati."

"Tafotokozani bwino, amisiri."

"Mukatuma mwana ndi munthu wamtali ku chitsime chimodzi, n'kuwauza kuti awerenge mapazi, abwera ndi nambala imodzi?"

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi bwino kuimvetsa. Galimoto zakale zili ndi kachingwe kachitsulo kochokera ku bokosi la magiya kupita ku wotchi. Zatsopano zili ndi kachipangizo ka magetsi ku bokosi lomwelo kapena ku magudumu. Koma zonsezi ntchito yake ndi imodzi: kuwerenga kuzungulira. Ku fakitale anaiuza wotchi kuti tayala likazungulira kamodzi, galimoto yayenda mtunda wakuti, malinga ndi tayala limene anaikako iwo. Tayala la masentimita 231 limazungulira pafupi-fupi ka 433 kuti likwanitse kilomita imodzi. La masentimita 253 limakwanitsa kilomita yomweyo litazungulira pafupi-fupi ka 395 kokha. Wotchi, posadziwa kuti nsapato zasintha, imadikirabe 433 kuti ilembe kilomita. Motero pamene yalemba makilomita 100, galimoto yayenda 109 ndi theka. Pamene yalemba 420, galimoto yayenda 460. Makilomita 40 aja sanatsale ku Moatize. Anatayika pang'ono-pang'ono, masentimita 22 pa kuzungulira kuli konse, kuchokera pakhomo mpaka ku Zambezi ndi kubwerera.

Nambala 16 imene inawapusitsa ija ndi kukula kwa limu chabe, mainchesi 16, amene ndi mamilimita 406. Kutalika kwa tayala lonse kumachokera ku manambala enawo. Pa 265/75R16, nambala 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, ndipo 75 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali, kuchokera pa limu kufika pansi, ndi magawo 75 pa 100 a kufutukukako, ndiwo mamilimita 199. Makoma ndi awiri, la pansi ndi la pamwamba, choncho 199 kawiri kuphatikiza 406 zikupereka mamilimita 804. Tayala la 205R16 lilibe nambala yapakati, koma khoma lake limakhala pafupi-fupi magawo 80 pa 100, ndiwo mamilimita 164, ndipo lonse limatalika 734. Kusiyana kwake ndi masentimita 7. Tsono popeza galimoto imakhala pakati pa gudumu, mimba yake inakwera ndi theka lokha la zimenezi, masentimita 3 ndi theka. Nkhumba ziwiri zija zinagula mpata wa zala ziwiri pansi pa difu. M'matope zala ziwiri si zochepa ai, ndipo bambowa anaona okha phindu lake. Koma mtengo wake sunathere pa nkhumba.

Singano ya liwiro imanamizidwa chimodzi-modzi. Ndi matayala amenewa, ikaloza 60 galimoto ikhoza kukhala pafupi ndi 66. Ikaloza 80 ndiye pafupi ndi 88, ikaloza 100 ndiye pafupi ndi 110. Nzoona kuti mawotchi ambiri amachoka ku fakitale akuonjezera pang'ono. Lamulo la bungwe la United Nations limene opanga magalimoto ambiri amatsata, lotchedwa Regulation 39, limati wotchi isaonetse liwiro lochepera pa leni-leni, koma ikhoza kuonjezera mpaka magawo 10 pa 100 kuphatikizapo makilomita 4. Kuonjezera kumeneku ndi kumene kumateteza madalaivala ambiri osadziwa. Tayala lalikulu limadya chitetezo chimenecho, ndipo likakula kwambiri limachitembenuza: wotchi imene imachenjeza msanga imayamba kuchenjeza mochedwa. Mnyamata uja amanena zoona kuti singano inali pa 60. Apolisi nawonso amanena zoona.

Za kamtsikana ka nkhuni kaja, mkulu uja anapukusa mutu. Mtunda umene galimoto imakhululuka munthu ataponda buleki sukula mofanana ndi liwiro, umakula moposa. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanai. Likakwera kuchoka pa 60 kufika pa 66, mtundawo umakula ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kotero kuti pamene galimoto ikanaima pa mamita 20 imakaima pa 24. Mamita anai ndi utali wa ngolo ndi ng'ombe zake. Kuonjezera apo, mabuleki anapangidwira gudumu laling'ono. Gudumu lalitali ndi lolemera limawavuta kuligwira, monga momwe munthu amavutikira kuletsa mpini wautali wina akaupotoza chakumapeto. Komanso mano aakulu a m'matope sagwira phula lonyowa ngati tayala la pamsewu.

Nanga dizilo? Apa bambowa anatsegula kope, ndipo awiriwo anawerengera pamodzi pa boneti. Iwo amagawa malita 51 ndi makilomita 420, n'kumapeza malita 12 pa 100, pamene kale anali 10. Koma ulendo weni-weni unali 460, ndipo 51 pa 460 ndi malita 11 pa 100. Ndiye kuti mwa malita 9 amene amati abedwa, anai anali bodza la wotchi. Asanu otsalawo anapsadi, koma anapsera mu injini, osati m'zigubu za m'mbali mwa msewu.

Zifukwa zake nzosavuta. Tayala lalikulu ndi lolemera, ndipo injini iyenera kulizunguza kuchokera poima nthawi ili yonse galimoto ikanyamuka. Ndi lofutukuka, ndipo mano ake amapindika ndi kutentha akamagunda phula. Phokoso lija limamveka ngati njuchi ndi mafuta amene akupita pachabe. Galimoto ikakwera m'mwamba imalimbananso kwambiri ndi mphepo. Ndipo chachikulu kwa anthu a kumapiri ndi ichi: tayala lalitali limachita ngati wakweza magiya onse. Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya akudziwa kuti giya yolemera imathamanga pa chigwa koma imathyola miyendo pa mtunda. Mphamvu imene injini imafikitsa pansi inachepa ndi pafupi-fupi magawo 9 pa 100. Pa msewu wosalala, galimoto ilibe katundu, injini imazungulira modekha ndipo mwina mafuta sangasinthe kweni-kweni. Koma kuchokera ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, kufika ku Angónia galimoto imakwera mamita opitirira 1,000, simenti ili kumbuyo. Pamenepo dalaivala amaponda kwambiri, amatsitsa giya kawiri-kawiri, amaotcha kilatchi ponyamuka. Zonsezi mnyamata uja anazinena tsiku loyamba lomwe.

Mkulu uja anatchulanso zina zimene bambowa sanaziganizire. Oyilo amene amasintha wotchi ikakwana makilomita 5,000 tsopano amakhala atayenda pafupi-fupi 5,500. Anthu amene amachita hayala galimoto pa mtengo wa kilomita, monga opita ndi odwala kapena a ukwati, amalandira makilomita 9 aulere pa 100 ali onse. Ndipo tayala la sipeya lija, pokhala lalifupi, likalowa mbali imodzi lina lalitali lili mbali inayo, difu imagwira ntchito mosalekeza ngati galimoto ikukhota nthawi zonse; nkofikira nalo pa malo okonzera basi, pang'ono-pang'ono, osati kupita nalo ku Tete.

"Ndiye ndichite bwanji, amisiri? Ndiwataye?"

"Ndalama zogulira ena muli nazo?"

Analibe. Mkuluyo anati wotchi imatheka kuikonza, posintha kagiya kakang'ono ka ku bokosi kapena poika kachipangizo kowongolera, koma zimenezo zimafuna ndalama ndi ulendo wa ku tauni. Njira ya munthu wosauka ndi kudziwa bodza la wotchi yake ndi kumalichotsera. Anatenga foni ya mdzukulu wake, imene imaonetsa liwiro pogwiritsa ntchito GPS, nakwera nawo pa msewu wa phula wopita ku Calómuè. Mwana amawerenga foni, bambowa amawerenga singano. Pamene foni inati 60, singano inali pa 55. Anabwereza kangapo, ndipo pobwera mkuluyo anamata kapepala pafupi ndi chiwongolero: 55 ndi 60, 73 ndi 80. Anawauzanso kuti popanda foni, munthu akhoza kuyesa pa mtunda umene akuudziwa bwino kutalika kwake, pakuti galimoto yoyenda 60 imatha kilomita imodzi pa mphindi imodzi ndendende. Ndipo anawakumbutsa kuti aziyeza mpweya sabata ili yonse, chifukwa tayala lofewa limamwa mafuta kuposa lolimba, likhale lalikulu kapena laling'ono.

Bambowa anafunsa mtengo wa ntchito. Mkuluyo anati chingwe sichilipiritsa. "Koma muli ndi ngongole kwina, ndipo imeneyo ndi yaikulu."

Kukonza galimoto kunatenga theka la tsiku. Kupita kwa mlongo wawo kunawatengera masiku anai. Munthu wamkulu kukagwada kwa mwana amene anamulera si chinthu chapafupi, makamaka pamene mudzi wonse unamva mbali yoyamba ya nkhani. Mayi a kunyumba ndi amene anawakankha. Anati mau oipa anatuluka masana anthu akumva, abwino asalowe usiku mozemba. Choncho Lamulungu lina, anthu atatuluka m'tchalitchi, bambowa anatenga tambala, chingwe chija ndi kope, naitana ankhoswe ndi akulu awiri a pabanja, napita.

Anakhala pa mphasa, nafotokoza zonse kuyambira ku mlatho mpaka ku chingwe. Anatambasula chingwecho pansi, naonetsa mfundo ziwiri zimene mkulu uja anamanga, ya 231 ndi ya 253. Akulu aja anagwira kampata ka pakati pa mfundozo, kosakwana ngakhale phazi la munthu, nadabwa kuti kanthu kotere nkugawa mbumba.

"Mphwanga, ndinakulakwira. Sunabe kanthu. Ndanena pamaso pa anthuwa kuti akanene kumene kunafika mau anga oyamba."

Mnyamatayo anayang'ana pansi osayankha. Amayi ake ndi amene analankhula. "Achimwene, mwanayu anakuuzani kuti galimoto yasintha, simunamve. Anakuuzani kuti mukafunse ku Tete, simunapite. Munakhulupirira chitsulo kuposa magazi anu. Tambalayu tilandira, koma dzina la mwana likada siliyera ndi madzi a tsiku limodzi."

Panalibe chotsutsa. Mnyamatayo sanabwerere sabata imeneyo, ngakhale mwezi umenewo. Anali atapeza kale ganyu yoyendetsa galimoto ya munthu wina wogula soya, ndipo anati ayambe wamaliza zimene analonjeza. Anabwerera anthu atatha kukolola. Makiyi anawalandira ndi manja awiri, koma anapempha chinthu chimodzi: kuti manambala a ponyamuka ndi a pobwera aziwerenga onse awiri pamodzi, ndipo aliyense azisaina. Amalume ake anavomera, ngakhale mumtima munawawa, pozindikira kuti kale zimenezi sizimafunika.

Matayala aakulu aja anakhalabe mpaka mano anatha, pakuti munthu sataya chimene anagula ndi nkhumba ziwiri. Nthawi yonseyo kope linali ndi mzere watsopano: pa makilomita 100 ali onse a wotchi amaonjezera 9 ndi theka asanawerengere dizilo kapena kulipiritsa hayala. Atatha, malume ndi mphwake anakhala pansi nawerengera limodzi. Miyezi ya matope oopsa ndi itatu kapena inai, koma msewu wa ku Tete ndi wa chaka chonse, ndipo malita asanu pa ulendo uli wonse akachulukana amaposa ndalama zobwerekera ng'ombe. Anabwerera ku msinkhu umene galimoto inabadwa nawo, nasankha a mano olimbirako pang'ono. Nthawi ya mvula amanyamula khasu, matabwa awiri ndi tcheni, ndipo kumene msewu waipiratu amauza alimi kuti atulutse katundu ndi ngolo mpaka pouma.

Si kuti matayala aakulu ndi oipa. Alipo anthu a kumidzi ya kutali amene popanda iwo sangatuluke ndi wodwala m'dzinja, ndipo kwa otere mafuta oonjezerawo ndi mtengo woyenera kulipira. Koma amene afuna kuika, ayambe wazunguliza chingwe pa tayala lakale ndi latsopano, aone kusiyana kwake, afunsenso ngati tayalalo linapangidwira kunyamula katundu wolemera. Akaika, adziwe kuti kuyambira tsiku limenelo singano ikunena zochepa, pa liwiro ndi pa mtunda pomwe, ndipo apatse mabuleki mpata wokwanira pa misika ndi pa masukulu. Safunsa anadya phula.

Chingwe chija chikadali m'galimotomo, chokulungidwa pamodzi ndi kope. Bambowa anasiya kunena kuti kope silinama. Masiku ano amati kope limalemba zimene waliuza.